Kaseti ya Agogo ndi Zala za a Ndikonza

Inu, tamverani, sendezani mipando. M'banja lililonse mumakhala munthu mmodzi amene mukangomuona akupinda mikono ya malaya, mumayamba kubisa katundu. M'banja limene ndikukuuzanili munthu ameneyo ndi a Ndikonza. Dzinali si lapachitupa, linachita kuwamera ali kamwana, chifukwa chinthu chilichonse chimene chadutsa pafupi ndi zala zawo, chakufa ngakhale chamoyo, mawu awo anali amodzimodzi: "Ndikonza." Anakonzapo wotchi yapakhoma mpaka inayamba kuyenda chobwerera, anthu m'nyumbamo n'kumadya chakudya chamadzulo asanasukusule. Anakonzapo mpope wakubafa, madzi n'kumakatulukira kukhitchini kwa aneba, ndipo anebawo mpaka lero amawapatsa moni wa manja awiri.

Banjalo ndi lalikulu, lomwazikana ngati nyemba zokhuthukira m'basi. Ena ali kutali kopita pa ndege, ena ali pafupi koma amachita ngati ali kutali. Chowamanga pamodzi ndi gulupu ya pafoni yotchedwa Zidzukulu za Agogo, koma pamene nkhaniyi ikuyamba gulupuyo inali itafa, ikungodikira woiika m'manda. M'mawa mlamu wina ankaponyapo chithunzi cha duwa chofunsa kuti mwadzuka bwanji. Woyankha panalibe. Madzulo msuweni wa a Ndikonza, woyendetsa lole, ankaponyapo chithunzi cha tayala. Woyankha panalibe. Chimene chinkaoneka pafupipafupi ndi kamzere kakuti uje watuluka, ndipo ngakhale pamenepo palibe ankafunsa kuti walowera kuti.

Chaka chilichonse banjali limakumana kwa Azakhali kukumbukira agogo aamuna ndi agogo aakazi. Azakhali ndiwo mwana yekhayo wa agogowo amene watsala ndi moyo, mlongo wa malemu bambo awo a Ndikonza. Chaka chathacho anthu amene anabwera sanamalize n'komwe tiyi wa m'ketulo imodzi. Ndiye chaka chino Azakhali anaitanitsa a Ndikonza ndi msuweni uja, n'kuwatuma kuti akoke sutikesi kunsi kwa bedi. M'sutikesimo munali bulangete, m'bulangetemo munali mpango, mumpangomo munali sokosi, m'sokosimo munali kaseti.

"Umu muli bambo ndi mayi," anatero Azakhali. "Anawatepa ndi bambo ako iwe Ndikonza, chaka chimene anagula wailesi. Ina kulibe. Maso anga anapita kale, makutu nawo ayamba kulongedza. Ndikufuna ndiwamve makolo anga pa tsiku lokumbukira, makutuwa asanakwere basi."

Anatambasula dzanja kuti apereke kasetiyo kwa msuweni, akaisiye kwa anthu odziwa. Koma msuweni anali ndi ulendo wa lole m'mawa mwake, ndipo pamene ankakanda m'mutu, dzanja lina linali litafika kale.

"Dzanja ili n'landani?" anafunsa Azakhali akulipapasa.

"Langa, Azakhali."

"Iwe ayi."

"Kunyamula kokha, Azakhali. Ine ndingokhala ngati envulopu."

Azakhali anausa moyo, n'kutaya kasetiyo pang'onopang'ono, ngati munthu wosiya mwana pa sukulu tsiku loyamba.

Wokonza mawailesi amagwira ntchito kunsi kwa masitepe a chinyumba cha masitolo, m'kachipinda koti ukayetsemula umagwetsa katundu wa eni ake. Anaitembenuza kasetiyo, anaiuzira fumbi, n'kutchula mtengo woti aike mawuwo m'foni. A Ndikonza anagwira khoma.

"Achimwene, mtengo umenewo ndi wongowamvera agogowo kapena wowaukitsa?"

"Wongowamvera. Zoukitsa timatumiza kwina."

Anakokanakokana mpaka mkulu uja anatopa, n'kuwabwereka chiwailesi cha kaseti chimene mwini wake anachiiwala kalekale, choti mabatani ake anasuluka onse n'kungofanana ngati mano.

"Koma musanaiike, muthyole timano tiwiri tili pamsana pa kasetiyi. Mukatero siingafufutike."

A Ndikonza anamuyang'ana ngati wawatukwanira mayi.

"Ndithyole? Chuma cha banja, chagona m'sokosi zaka zonsezi, ine ndifikire kuthyola? Achimwene, ine ndimakonza, sindithyola."

Paja akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Chimene anaiwala kunena n'chakuti mwini wakeyo anali m'kati.

Kunyumba a Ndikonza anayala nsalu yoyera pathebulo, anasamba m'manja ndi sopo, anaika kaseti. Anadina batani, linadumpha. Anadinanso, linadumphanso. Anapinda mikono ya malaya. Anadina lomwelo pamodzi ndi loyandikana nalo, ndipo onse awiri anakhala pansi mwaulemu, kaseti n'kuyamba kuzungulira. M'wailesimo munali zii.

"Mwamva?" a Ndikonza anafunsa akazi awo, amene ankapinda zovala pasofa.

"Ndimve chiyani?"

"Ulemu umenewo. Agogo aamuna sankathamangira nkhani. Ankayamba aganiza kaye."

Agogo anaganiza, anaganiza, mpaka mbali yonse inatha, mabatani n'kudumpha okha. A Ndikonza anati ndiye kuti nkhani ili kuseri. Anatembenuza kaseti, anadina mabatani awiri omwe aja, n'kukhazikika pampando. Podikirapo anayambitsa kamkangano ka sokosi ndi akazi awo, mkanganowo utatha tulo tamasana tinawaba, ndipo iwo akagona makatani amachita kupuma nawo. Akazi awo anaona kuti wailesi ikungodya magetsi osanena kanthu, anazula waya, n'kulumikiza simbi.

Atadzuka analumikizanso waya, anabwezera kaseti kuchiyambi kwa mbali yoyamba, anachimenya kambama chiwailesicho, ndipo ulendo uno batani loyamba lija linavomera kukhala pansi lokha. M'wailesi munatuluka mawu a bambo wina wodzimva: "Mwamva? Ulemu umenewo." A Ndikonza anatembenuza msanga, n'kuibwezanso. Bambo yemweyo, tsopano akufunsa sokosi. Anazimitsa pomwepo, zotsalazo sanafune kuzimva.

Akazi awo anaimika simbi.

"Bambo a kuno, mwawafufuta agogo."

"Sindinawafufute. Ndangowakhala pamwamba."

"Anthu anafa kamodzi, inu mwawabwereza."

Nthawi yomweyo foni inanjenjemera. Msuweni, ali m'lole mwakemo, anali atalengeza kale pagulupu kuti mawu a agogo apezeka ndipo ali kwa a Ndikonza. Gulupu yakufa ija inatsokomola. Mlongo wawo wa a Ndikonza, nesi wogwira ntchito kunja, analemba kuti achimwene tumizani timveko. Wina analemba kuti ngati ali kwa a Ndikonza tumizani msanga. A Ndikonza sanaope gulupu, gulupu siluma. Chimene chinawaopsa ndi kuganiza Azakhali atakhala pampando, atatchera makutu awo otsala pang'onowo, iwo n'kuwauza kuti bambo ndi mayi anu ndinawasinthanitsa ndi sokosi.

Mawa lake akazi awo pochokera kumsika anapeza zovala zonse zili pabedi, wadiropu ikulankhula. Anatsegula. M'katimo munali amuna awo, ndowa kumutu, foni m'manja.

"M'ndowa mawu amamveka akalekale," inatero ndowa. "Tamverani." Inakhosomola n'kuyamba ndi mawu okhuthala ngati bingu: "Zidzukulu zanga, ndine agogo anu." Kenako ndi timawu tosongoka: "Nanenso ndine agogo anu."

"Achiwiriwo ndi ndani?"

"Agogo aakazi."

"Imeneyo ndi mbuzi yopanidwa pachitseko. Mayi aja anandiphunzitsa kusoka nditangokwatiwa, sindingalole kuti muwanyoze chonchi. Sunthani."

Umu ndi mmene mayi wolemekezeka, woti sananamepo ngakhale kwa wogulitsa tomato, analowera m'wadiropu. Iwo anavala poto. Pofuna kuti pazimveka kaphokoso ka kaseti yakale, ankafikisa pepala la pulasitiki ndi zala zakuphazi. Uthenga woyamba unali waufupi, moni basi, ndi kudandaula pang'ono za msana.

Abale anga, gulupu inadzuka ngati nyerere zothiridwa madzi. Nesi anaimba foni akulira, akuti wamvera uthengawo ali m'chipinda chosungira mabandeji mpaka wanyowetsa bandeji yathunthu. Amene anatuluka anayamba kupempha kuti abwezedwe. Ndipo anthu anayamba kukumbuka. Wina anakumbuka kuti agogo aamuna, poti anali telala, ankayeza munthu ndi maso okha, thalauza likafupika n'kumati mwendo ndiwo wanama. Wina anakumbuka kuti agogo aakazi ankabisa shuga m'pilo, m'mawa n'kumadabwa kuti nyerere zimawakonderanji chonchi. Wina anakumbuka galu wawo Sindikuopa, amene ankauwa alendo ali kunsi kwa bedi. A Ndikonza ankawerenga zonsezi n'kumakalowa nazo m'wadiropu, mawa lake agogo n'kumanena zomwezo, ndipo mwini nkhani ankalemba monyada kuti mwamvatu, ndimanena ine.

Mavuto anayamba pamene munthu wina anafunsa kuti kodi za ine sananenepo. Aliyense anafuna kutchulidwa. A Ndikonza ankayankha kuti dikirani ndifufuze kutsogoloku, ndipo kutsogoloko aliyense ankapezekadi. Mtsikana wina amene anabadwa agogo atamwalira kale anadandaula kuti pali tsankho, mawa lake agogo anamupatsa moni n'kumufunira zabwino pa mayeso. Abale awiri amene anasiya kulankhulana chifukwa cholimbirana makina osokera anadzudzulidwa ndi agogo aamuna mowatchula mayina, ndipo madzulo ake anaponya chithunzi atakumbatirana, makinawo ali pakati ngati mwana. Palibe anafunsa kuti agogo anadziwa bwanji mkangano wa katundu wawo wamasiye iwo ali moyo. Anthu ankangoti akuluakulu akale ankaona patali.

Tsono munthu ukapeza kuti akufa akukumvera, mtima umayamba kuyabwa. Kwa Azakhali kuli mpando wandalema umene agogo aamuna ankapumirapo, ndipo a Ndikonza anali atausirira kuyambira ali ndi mano amkaka. Tsiku lina, ali pakati potepa, ndowa inapatuka pa zimene anagwirizana.

"Mpando wanga wandalema uja," inatero ndi mawu abingu, "udzapite kwa Ndikonza, mwana wanzeru, wa manja odala."

Poto anayankha mokoma.

"Inde, bambo. Koma aziukhalira akamaliza kutsuka mbale, tsiku lililonse, chifukwa mkazi amene adzakwatireyo adzakhala munthu wabwino, wotopa. Ndipo m'nyumba mwakemo asadzakonze kanthu."

Ndowa inatembenukira kwa poto mwaukali, zitsulo n'kugundana, chala n'kuchoka pafoni, uthenga n'kupita. Pagulupu akazi onse a m'banjamo anayankha ndi timanja topemphera. Kuyambira tsiku limenelo nesi ankaimba madzulo aliwonse kufunsa ngati mawu a agogo akwaniritsidwa, ndipo ankafuna kumva kulira kwa mbale.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankalira nawo. Msuweni atabwera ku ulendo analemba kuti asuweni, kaseti imeneyi yatalika kuposa msewu umene ndadzera. A Ndikonza anayankha kuti makaseti akale ankawapanga mosaumira. Msuweni anangofika masana osagogoda, anapita kuchipinda, n'kupeza wadiropu ili ndi mapazi otulukira kunsi kwa chitseko, phazi lina likufikisa pulasitiki. Anatsegula. Anayang'ana ndowa, anayang'ana poto.

"Agogo, mwanenepatu kumandako."

"Asuweni, tikambirane," inatero ndowa.

"Palibe chokambirana. Mundilowetse, apo ayi ndikukaulula."

"Malo a anthu anatha."

"Nanga galu alipo?"

Galu panalibe. M'wadiropu msuweni sanakwanemo, poti mimba ya woyendetsa lole imafuna galaja, choncho anakagona kunsi kwa bedi n'kumauwa ali komweko, zimenenso zinali zoona zake za Sindikuopa. Vuto lake linali lakuti ntchitoyo anaikonda mopitirira. Ankauwa pa moni, ankauwa pa malangizo, anauwa ngakhale pamene agogo aamuna ankapempherera banja, mpaka agogo aakazi anachita kutuluka m'wadiropu n'kumuponya silipasi. Pagulupu anthu analemba kuti ngakhale kulira kwa silipasiyo akukukumbuka.

Azakhali okha ndiwo anali asanamveko. Mdzukulu wina anawapititsira foni, iwo anaikankha.

"Makolo anga sindingawamvere m'kagalasi. Ndidzawamva pa kaseti, mmene anawaikira mlongo wanga."

Choncho tsiku lokumbukira litatsala pang'ono, anthu atatu akuluakulu anadzitsekera kuchipinda ndi chiwailesi chija, n'kutepa mbali yoyamba yonse ya kaseti, kuyambira moni mpaka kutsanzika. Atafika kumapeto ndowa inali itasasa mawu, poto ali ndi mutu, galu akupempha madzi. Za kuseri anati zisiyeni, ndani amatembenuza kaseti agogo atatsanzika kale.

Tsikulo litafika, nyumba ya Azakhali inachepa. Nesi anabwera pa ndege. Abale amakina aja anabwera atanyamulizana makinawo, kuti nawonso amve. Anthu anadzaza pabalaza, ena anakhala pawindo, ena m'khonde, mipando anachita kubwereka kwa aneba ndipo anebawo anatsatira mipando yawo. Ketulo inawira mpaka inasasa mluzu. Azakhali anakhala pampando wandalema uja, manja pamaondo, atavala diresi imene anawasokera bambo awo, yaifupi mkono umodzi.

A Ndikonza anaika wailesi pathebulo patsogolo pawo, anadina batani limodzi lokha, mosamala ngati akugwira diso.

"Zidzukulu zanga, ndine agogo anu," linatero bingu.

Anthu anayamba kufwenthera. Ena ankayendetsa milomo limodzi ndi agogo poti mawuwo anali atawaloweza. Galu atauwa, bambo wina wadazi analira mokweza n'kunena kuti galu ameneyu anandilumapo. Msuweni anaweramitsa mutu modzichepetsa. A Ndikonza maso awo anali pa Azakhali. Nkhope ya Azakhali sinagwedezeke, inali ngati chitseko chokhoma. Agogo anatsanzika, galu anatsanzika, batani linadumpha.

"Yathera pamenepa, Azakhali."

"Tembenuza."

"Kuseriko kulibe kanthu, Azakhali."

"Tsiku lotepalo ine ndinalipo. Tembenuza."

Msuweni anayang'ana kukhomo, koma pakhomo panali podzaza ndi aneba. Akazi a a Ndikonza anayamba kuwerenga maluwa a pa kapeti. A Ndikonza anatembenuza kasetiyo ngati munthu wodzikumbira yekha.

"Sokosi yanga ya buluu ili kuti?" inafunsa wailesi.

"Mwavala."

"Ndikunena inzake."

"Mwavalanso. Mwendo womwewo."

M'chipindamo munagwa bata loti ukanamva nsabwe ikutsokomola. Mitu inatembenuka umodziumodzi.

"Amenewa ndi agogo ali achinyamata," anatero a Ndikonza ndi timawu tochepa.

Nesi anaimirira, akuvula wotchi yapamkono ngati mmene amachitira pofuna kugwira wodwala wovuta. Azakhali anakweza dzanja.

"Khala pansi. Sinathe."

Mkangano wa sokosi unatha, kunabwera kuyasamula, kenako mkonono. Inu, mkonono wake si wamasewera. Unkayamba pansi ngati lole yokwera chitunda, n'kufika pamwamba n'kuima, anthu n'kugwira mpweya kuti kodi wafa, kenako n'kutsetsereka ndi kamluzu. Banja lonse linakhala pamenepo likumvera a Ndikonza akugona, mwini wake ataima pambali, thukuta likutsikira m'nsapato. Tiyi anazizira. Wina anayesa kunyamuka, Azakhali anamumva n'kumuloza ndi chala osamuona, iye n'kukhalanso.

"Aka n'koyamba lero kumva chinthu cha bambo," anatero Azakhali pakati pa mkononowo. "Mkonono uwu ndi wa mtundu wathu."

Kenako m'wailesi munamveka mapazi, ndi mawu a mayi wotopa: "Ndikuzula ine, ndikufuna kusita." Thi.

A Ndikonza anatambasula dzanja kuti azimitse, koma kaseti inali ikuzungulirabe, ndipo kaphokoso kanasintha. Sikanali ka pulasitiki. Chapatali kunkamveka makina osokera akuima, ndi supuni ikuzungulira m'kapu. Kenako mayi wina anaseka, kuseka kwakukulu kochokera m'mimba, kothera m'chifuwa. Azakhali anadzuka tsonga pampando, manja atagwira mikono ya mpandowo.

Mawu a bambo anatulukira pakati pa nkhani. Sanali a bingu n'komwe. Anali opyapyala, othamanga, ngati a munthu woluma singano pakamwa.

"...ndiye ndimati ana inu muziyenderana, musamadikire maliro kuti... iwe. Iwe. Chotsa dzanja."

Kamawu ka mwana kanayankha pafupi penipeni ndi wailesi.

"Ndikonza."

"Sichinafe, ukonza chiyani? Chotsa dzanja."

Ndipo mayi uja, ndi mawu okhuthala ngati ng'oma, akulimbana ndi phwete: "Tamunyamulani mwanayo, atifufuta."

Batani linadumpha. Kaseti inathera pomwepo.

Palibe anafwenthera ulendo uno. Kulira kwa pa gulupu kuja kunali kwaphokoso, uku kunali kwa anthu ongoyang'ana pansi. Azakhali misozi inkatsika osaipukuta, milomo ikumwetulira yokha. A Ndikonza anapezeka agwada, osadziwa kuti agwada nthawi yanji.

"Azakhali, ine..."

"Ndinadziwira pa moni," anatero Azakhali. "Bambo sanakutchulenipo kuti zidzukulu zanga, ankati inu omaliza shuga. Ndipo mayi chibadwire sananenepo kuti inde bambo. Akananena, bambo akanakomoka. Pa gulu lonselo amene wafanana ndi galu yekha."

"Zikomo, Azakhali," anatero msuweni mosaganiza, ndipo mitu yonse inatembenukira kwa iye.

Nesi anati munthu ameneyu achotsedwe pagulupu lero lomwe. Bambo wadazi uja anafuna kudziwa kuti ndiye walirira ndani. Mtsikana wamayeso anafunsa ngati mafuno abwino aja akugwirabe ntchito. Abale amakina anayang'anizana, anayang'ana makina, kenako wamkulu anati kukanganako kunali kotopetsa, tingopitiriza momwemu.

Azakhali anadikira phokoso lithe.

"Kutsogolo kwa kasetiyi kunali nyimbo ya mayi, imene ankaimba posita. Imeneyo wandilanda, Ndikonza, sindidzaimvanso." A Ndikonza anaweramitsa mutu mpaka chipumi chinagunda thebulo. "Koma nyumba ino sindikuiona, ndikungomva kuti mpweya wachepa. Chimwalirireni mayi sinadzazepo chonchi. Ndiye pagulupu musamuchotse, angakakonze gulupu ya eni."

A Ndikonza anadzutsa mutu pang'ono.

"Nanga za mpando, Azakhali?"

"Mpando ndakhalira ine. Koma za mbale zija zikhale momwemo. Mayi sananene, koma akananena."

Akazi a a Ndikonza anasiya kuwerenga maluwa a pa kapeti, n'kukonza mpango wawo bwinobwino.

Azakhali anatsamiranso, anapukuta m'maso ndi mkono wautali wa diresi, n'kutchera khutu kumene kunali wailesi.

"Tabwezani pang'ono. Ndimvenso kusekako."

Tsono inu, woyandikira wailesi anali a Ndikonza. Sanaganize, sindikuwanamizira, dzanja linanyamuka lokha monga lakhala likunyamukira moyo wawo wonse, mkono wa malaya uli wopinda kale. Ndipo banja lonse, a pabalaza, a pawindo, a m'khonde, nesi, abale amakina, ngakhale aneba obwera ndi mipando, linayankha ndi pakamwa pamodzi, ndi timawu topyapyala ta telala:

"Chotsa dzanja."

Kuseri kwa sofa, msuweni anauwa kamodzi.